Chipolopolo Ukaomba, Chikadali Chako

Inu a kuno ku South Bend, zikomo potilandira. Inu amene mwalawirira kuchokera ku Indianapolis n'kutha mtunda wonse uja wa mumsewu wa US 31, pepani ndi ulendo. Achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, senderani kuno, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza inu kuposa makolo anu.

Ndikudziwa kuti ena mutamva mutu wa nkhaniyi munafunsana kuti, gogodela ku Amereka? Kwathu mfuti imeneyi timaidziwa ngati ya agogo, yopachika kudenga, yopirikitsira nguluwe m'munda. Koma muno mu Indiana gogodela ali ndi ulemu wake. Bungwe la anthu okonda mfuti zothira wonga ndi chipolopolo kukamwa, la National Muzzle Loading Rifle Association, linayamba mu 1933, ndipo likulu lake lili m'kamudzi kotchedwa Friendship, kummwera chakum'mawa kwa Indianapolis. Chaka chilichonse, mu Juni ndi mu Seputembala, anthu amakhamukira kumeneko kukapikisana kuomba chandamale. Mu Disembala boma la Indiana limapatula masiku akeake osaka mbawala za kuno ndi mfuti zamtunduwu. Tsono ana athu akuitanidwa ndi anzawo akuntchito ndi akusukulu, ena ayamba kale kupita ku Kingsbury kufupi ndi LaPorte, ena ku Atterbury kummwera kwa Indianapolis. Sindinabwere kudzakuuzani kuti pitani kapena lekani. Ndingokukumbutsani kuti musanagwire mfuti iliyonse mufunse kaye malamulo, makamaka inu amene muli pa visa, komanso kuti wobadwa chaka cha 1986 chitatha ayenera kuchita kaye maphunziro a alenje asanapatsidwe chiphaso chosakira muno mu Indiana. Safunsa anadya phula.

Nkhani yanga ikuyambira pamene utsi watha. Mwaomba, mwaona bowo papepala, mwasangalala kapena mwakhumudwa. Nanga chipolopolo chija chili kuti? Mawu amene ndikufuna mupite nawo kunyumba ndi awa: chipolopolo ukaomba, chikadali chako. Ndi chako ngati chuma, ndi chako ngati mlandu. Ndigawa nkhaniyi panayi. Choyamba, chipolopolo choombedwa ndi chuma. Chachiwiri, ndi mboni. Chachitatu, kuchitola kumayamba usanaombe. Chachinayi, chimene nditakhalepo nthawi yaitali, mtovu ndi poizoni, ndipo wotola mosasamala amapita nawo kwa ana ake.

Mfundo yoyamba: chipolopolo choombedwa ndi chuma.

Akuluakulu amene munakulira kumudzi mukukumbuka zimene alenje ankathira mu gogodela. Zidutswa za misomali, timabolo ta m'njinga, chitsulo chodula ndi sowo. Sikuti ankakonda zimenezo. Mtovu unali wosowa, ndipo mlenje amene anali nawo ankati akapha nyama amayamba wafufuza chipolopolo chake m'thupi mwa nyamayo, kuti akachisule n'kuomberanso. Azungu a kuno nawonso ankatero. Mu Okutobala 1803, Meriwether Lewis anakumana ndi William Clark ku Clarksville, kummwera kwenikweni kwa Indiana, pokonzekera ulendo wawo wopita kunyanja ya Pacific. Wonga wa paulendowo anausunga m'zitini zopangidwa ndi mtovu. Chitini chilichonse chinali ndi mtovu wolemera mapaundi 8 ndipo chinkanyamula wonga wolemera mapaundi 4. Wonga ukatha, chitini chija ankachisungunula n'kuumba zipolopolo. Panalibe chotaya.

Lero mtovu ukugulitsidwa m'sitolo, koma taganizirani kumene ukuchokera. Fakitale yomaliza mu Amereka yoyenga mtovu kuchokera ku miyala ya mumgodi inali ku Herculaneum, ku Missouri, ndipo inatsekedwa mu Disembala 2013. Kuyambira pamenepo mtovu woyengedwa m'dziko muno ndi wakale wobwezeretsedwa, wambiri wochokera m'mabatire agalimoto. Dziko lonse lolemera chonchi likukhalira kutola. Kodi ife tichite manyazi ndi chiyani?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chipolopolo chobulungira cha mfuti ya saizi .50 chimalemera magalamu 11 ndi pang'ono. Ndiye kuti zipolopolo pafupifupi 90 zikwana kilogalamu. Munthu woomba 30 Loweruka lililonse, pakutha pa masabata atatu wakwirira kilogalamu yathunthu m'dothi. Pakutha pa chaka wapitirira makilogalamu 15. Ameneyo ndi munthu mmodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo mtovu uli ndi khalidwe limene zinthu zambiri zilibe: umasungunuka pa madigiri 327 okha, ndipo ukausungunula kakhumi umakhalabe mtovu womwewo. Wonga ukapsa wapita. Kansalu kokulungira chipolopolo kakang'ambika katha ntchito. Mtovu wokha ndi umene umabwerera.

Mfundo yachiwiri: chipolopolo choombedwa ndi mboni.

Pepala la chandamale limangokuuzani pamene chipolopolo chagwera. Silikuuzani chifukwa chake. Chifukwa chakecho chalembedwa pa chipolopolo chenichenicho, ndi pa kansalu kaja. Kansaluko n'kosavuta kukapeza, kamagwa pansi mapazi angapo kutsogolo kwa mfuti. Katoleni. Ngati kali kathunthu, kongodetsedwa pakati, zinthu zili bwino. Ngati kapserera n'kubowoka, moto wa wonga ukudutsa m'mbali mwa chipolopolo, ndiye kuti nsaluyo ndi yopyapyala, kapena mafuta achepa, kapena wonga wachuluka. Ngati kadukaduka m'mizere, m'kati mwa mpope wa mfuti muli penapake pakuthwa. Munthu akhoza kutha miyezi akudandaula kuti maso ake afooka, pamene vuto lili pa kansalu ka masenti ochepa.

Chipolopolonso chimalankhula. Chobulungira chimene chinakhala bwino mumpope chimatuluka ndi zidindo za ulusi wa nsalu kuzungulira mimba yake. Chachitali chosongoka, cha mtundu umene Claude-Étienne Minié wa ku France anatchuka nawo m'zaka za m'ma 1840, chimayenera kuonetsa mizere ya mumpope yodindika mofanana mbali zonse. Mizere ikazama mbali imodzi, chinalowa mopendekera. Mphuno yake ikaphwanyika musanaombe, mukusinja mwankhanza ndi ndodo yosinjira. Ndipo inu amene mukufuna kukasaka mu Disembala, ombani kaye m'zigubu za madzi zondanda kapena mumulu wa nyuzipepala zonyowa, mutole chipolopolocho, muone mmene chaphwasukira, muchiyeze pasikelo. Chimene chatuluka chathunthu, chotambasuka kumutu, chidzagwetsa nyama msanga. Chimene chamwazika tizidutswa chidzavulaza nyama n'kuisiya ikuthawa, ndiponso tizidutswato tidzatsalira mu nyama imene mukadyetse banja. Mlenje wosayesa chipolopolo chake akuyesera pa chamoyo, ndipo kumeneko ndi kupanda chifundo.

Mfundo yachitatu: kutola kumayamba usanaombe.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amaomba tsiku lonse paphiri, kenaka madzulo n'kumakanda dothi ndi zala. Chipolopolo chimene simunachikonzere pogwera n'chovuta kuchipeza. Ngati mukuombera pamalo a mnzanu wa kumunda amene wakulolani, konzani chogwirira. Bokosi lamatabwa lodzaza mchenga wouma limagwira bwino, ndipo kumbuyo kwake kukhalebe mulu waukulu wa dothi wotchinga chilichonse chophonya. Ena amadzaza mgolo ndi zinyenyeswa za matayala zimene amagulitsa zoika m'maluwa, ndipo m'menemo chipolopolo chimatuluka pafupifupi chathunthu. Mumchengamo musakhale miyala, chifukwa chipolopolo chikamenya mwala chimanjanja n'kupita kumene simunachitume. Chitsa cha mtengo chimagwira, koma kuchotsamo mtovu ndi ntchito ya nkhwangwa, ndipo musayerekeze kutentha chitsacho kuti mtovu utsale m'phulusa. Chandamale chachitsulo chimasangalatsa ndi kulira kwake, koma chimaphwanya mtovu kukhala fumbi ndi tizibenthu tosatoleka. Wofuna kutola aombe papepala, kumbuyo kuli mchenga.

Ntchito yotolayo amayi mukuidziwa bwino, chifukwa ndi kukunkha. Mtedza ukakumbidwa, timabwerera m'munda n'kumafukula wotsalira. Koma mukudziwanso lamulo la kukunkha: sulowa m'munda wa mwini usanapemphe, ndipo sulowa eni ake asanamalize kukolola. Pamalo oombera a boma kapena a kalabu, mulu wa dothi uja uli ndi eni ake. Malo ambiri salola kuti munthu akumbe, chifukwa kukumba kumagumula mulu umene ukuteteza anthu okhala kuseri kwake, ndiponso ena anapangana kale ndi makampani amene amabwera ndi makina kudzasefa dothi lonse n'kugula mtovuwo. Funsani woyang'anira. Akakana, basi. Ndipo ngakhale alole, palibe amene amaponda kutsogolo mfuti zonse zisanatulidwe pansi ndipo woyang'anira asanalengeze. Gogodela ali ndi khalidwe loipa lochedwa kulira: wakoka, zii, kenaka patapita kanthawi, phuu! Munthu wothamangira chipolopolo cha dzulo akhoza kukumana ndi cha lero.

Posefa, gwiritsani sefa ya waya wamabowo aakulu yokhomera pathabwa, fosholo ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro. Dothi likhale lachinyezi pang'ono. Dothi louma limafuka, ndipo fumbi limenelo ndi lomwe tikuliopa. Mvula ikangokata ndi nthawi yabwino, chifukwa madzi amakokolola dothi n'kusiya zipolopolo poyera. Mukatola, sankhani. Gogodela wa chipolopolo chobulungira amafuna mtovu wofewa, woti chikhadabo chikhoza kuukanda. Zipolopolo za mfuti zamakono zimakhala zosakaniza ndi zitsulo zina zolimbitsa, zina zovala chikopa cha kopa, zina za kopa yekhayekha. Zimenezo ziikeni padera. Muyang'anitsitsenso kuti mu ndowamo musalowe chipolopolo chamakono chosaombedwa, chokhala ndi wonga wake, pakuti chimenecho chikalowa mumphika wamoto mudzachidziwa.

Mwina wina akuti, bwanji osangozisiya m'dothi momwemo? Zikakhala zochepa, pamalo ouma, sizisuntha msanga. Koma mtovu ukakhalitsa panja umachita dzimbiri loyera lotuwa, ndipo dothi likakhala la asidi, madzi amvula amasungunula dzimbirilo n'kuyenda nalo. Bungwe la boma loona zachilengedwe la EPA linatulutsa malangizo a malo oombera panja mu 2001, ndipo mitu yake ndi yomweyi: gwirani zipolopolo pamalo amodzi, thirani laimu kuti asidi wa m'dothi achepe, tchingani madzi kuti asakokolole, ndipo tolani mtovu nthawi ndi nthawi. Inu a kuno ku South Bend, madzi amene mukumwa amachokera m'zitsime, pansi pa dothi lamchenga limene madzi amalowa mosavuta. Inu a ku Indianapolis, ambiri mumamwa a mu White River, Fall Creek ndi Eagle Creek. Musaombere m'dambo, musaombere kuloza kumtsinje. Dziko lino linaletsa kale mtovu posaka abakha ndi atsekwe mu 1991, chifukwa mbalame zinkameza timipira ta mtovu m'matope n'kumafa. Chipolopolo ukaomba, chikadali chako, ngakhale chitagwera m'madzi a anthu ena.

Mfundo yachinayi: mtovu ndi poizoni, ndipo wotola mosasamala amapita nawo kwa ana ake.

Abale anga, pano ndipempha kuti ngakhale inu amene simudzagwira mfuti moyo wanu wonse mutchere khutu. Walira mvula walira matope. Ndakulimbikitsani kutola, tsopano ndikuuzeni matope ake.

Mtovu sununkha, suwawa, sutupitsa khungu. Umalowa m'thupi kudzera m'kamwa ndi m'mphuno, ngati fumbi losaoneka, n'kukakhazikika m'magazi ndi m'mafupa. Kwa munthu wamkulu umakweza kuthamanga kwa magazi, umawononga impso, umasokoneza kubereka. Kwa mwana wamng'ono umagwira ubongo umene ukukula, ndipo zimene wawononga sizibwerera. Mwana salira, satentha thupi. Mumangoona kusukulu akuvutika kugwira zinthu, sakhazikika, ndipo mumayamba kumukalipira kuti ndi waulesi. Mayi woyembekezera amapatsira mwana ali m'mimba. Madokotala amanena poyera kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi a mwana umene tinganene kuti ndi wabwino. Mu 2021 bungwe la boma loona zaumoyo la CDC linatsitsa mlingo woyambira kuchitapo kanthu kuchoka pa 5 kufika pa mamaikulogalamu 3.5 pa desilita ya magazi.

Abale athu a ku Zambia amene muli pano mukuidziwa Kabwe. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akudwala ndi dothi limene amaseweramo. Tisaganize kuti zimenezo ndi za ku Africa kokha. Mu 2016, ku East Chicago, muno mu Indiana momwe, anthu oposa 1,000 a m'nyumba za West Calumet anauzidwa kuti asamuke chifukwa nyumba zawo zinamangidwa pa dothi la mafakitale akale a mtovu. Chaka chomwecho atolankhani a Reuters anapeza kuti m'dera lina la mzinda uno wa South Bend, ana 31 pa 100 alionse amene anayezedwa pakati pa 2005 ndi 2015 anali ndi mtovu wokwera m'magazi. Ku Indianapolis, anthu a ku Martindale-Brightwood akhala zaka zambiri akulimbana ndi dothi limene fakitale yakale yosungunula mtovu inawasiyira. Ndinene chilungamo, gwero la mavuto amenewa si zipolopolo. Ndi mafakitale, ndi penti wakale wa m'nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1978, ndipo ambiri a ife timachita lendi nyumba zoterozo chifukwa ndi zimene thumba limakwanitsa. Koma n'chifukwa chake ndikulankhula mwamphamvu. Mwana amene akukhala kale m'nyumba ya penti wakale, bambo ake n'kumubweretseranso fumbi la kumalo oombera pa nsapato ndi pa mpando wagalimoto, mwanayo wasenzetsedwa kawiri.

Tsono wotola achite motere. Avale magolovesi ndi masiki yogwira fumbi. Asadye, asamwe, asasute ali pantchitoyo. Akamaliza asambe m'manja ndi kumaso ndi sopo asanagwire chakudya, foni kapena mwana. Nsapato za kumeneko zisalowe m'nyumba. Zovala zake zichapidwe pazokha, osati pamodzi ndi matewera ndi mayunifolomu. Ndowa ya zipolopolo ikhale yotseka, m'buti, osati pampando pamene pamakhala mwana. Ndipo achimwene, chipolopolo chophwasuka bwino chija, chokongola chija, si choseweretsa. Musachiike pa shelefu ya pabalaza, musampatse mwana kuti akaonetse anzake. Mwana wamng'ono chilichonse amayesa ndi pakamwa.

Kusungunula ndiye kumafuna mutu wonse. Chitirani panja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Ndikudziwa mmene Januwale wa kuno amazizirira, chipale chili m'mawondo, ndipo mtima umati ndingochitira m'galaja chitseko chotseka, kapena m'chipinda chapansi chija. Ayi. Dikirani nyengo yofunda. Kukhitchini ndiye musayerekeze n'komwe. Mphika wake ukhale wachitsulo cholimba, osati wa aluminiyamu umene umafooka ndi moto n'kubooka pansi, ndipo mphika umenewo, chipande chake ndi chikombole chake zisadzakhudzenso chakudya mpaka kalekale. Ulembeni chizindikiro, chifukwa m'nyumba zathu mumabwera alendo, ndipo mlamu wofuna kuthandiza akhoza kuutsuka n'kuphikira ndiwo.

Mdani wamkulu pamphikapo ndi madzi. Kumbukirani kuti tinasefa dothi lachinyezi. Chipolopolo chonyowa chikamira mu mtovu wosungunuka, kadontho kamadzi kaja kamasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuphulitsa mtovu wamoto kumaso, m'manja, paliponse. Choncho yanikani zipolopolo mpaka ziume gwa, ndipo muziike mumphika wozizira kuti zitenthere limodzi ndi mphikawo. Musaponye zatsopano mu mtovu umene wasungunuka kale. Valani magalasi oteteza maso, malaya amanja aatali a thonje, nsapato zotseka. Musakoleze moto mopitirira, ungosungunuka basi, chifukwa moto waukali umachulukitsa utsi woipa ndipo umasungunulanso zinki ngati walowamo, n'kuwononga mphika wonse. Mukaponyamo kachidutswa ka kandulo kapena utuchi wouma n'kutakasa, litsiro limayandama pamwamba. Litsiro limenelo, lotuwa ngati phulusa, ndi loopsa kuposa mtovu wolimbawo, chifukwa limauluka. Likazizira litsekereni m'chitini, mukalipereke kumalo amene boma la dera lanu limalandirira zinyalala zoopsa za m'nyumba. St. Joseph County ili nawo malo otero, Indianapolis ilinso nawo. Musalitaye kuseri kwa nyumba kumene amayi adzala chibwabwa ndi mpiru.

Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli mwana wamng'ono kapena mayi woyembekezera, maganizo anga ndi akuti musasungunule n'komwe. Tolani, tsekerani mu ndowa, kagulitseni kwa ogula zitsulo zakale, ndalamayo mugulire zipolopolo zoumba kale. Mwapulumutsa dothi, mwapezapo kangachepe, ndipo simunaike mwana pachiswe. Ndalama imene mungapulumutse poumba nokha ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mutu wa mwana. Ndibwerezenso: chipolopolo ukaomba, chikadali chako, koma mwana wako asakulipirire.

Amayi, gawo ili ndi lanu, ndipo musadikire kuti abambo avomere. Kuyambira mu Januwale 2023, lamulo la Indiana limafuna kuti achipatala afunse ngati mwana wamng'ono anayezedwa mtovu, ndipo ngati sanayezedwe apereke mwayi womuyeza. Nthawi yake yabwino ndi pamene mwana ali ndi chaka chimodzi, ndiponso akakwanitsa zaka ziwiri. Ndi kadontho ka magazi a pachala. Akaiwala kukufunsani, funsani ndinu, ndipo muwauze ngati m'nyumbamo muli munthu woomba mfuti kapena wosungunula mtovu. Nanunso abambo amene mumaomba kawirikawiri, pemphani dokotala wanu akuyezeni, chifukwa kuyeza kumeneku sachita pokhapokha mutanena.

Ndaona manja angapo anakwera kale pamene ndimanena za bokosi la mchenga. Tiyambe ndi amayi ali pakhomowo, kenaka tibwere kwa achinyamata.